ABISALOMU ALI PA CHIPATA



Kale munthu wandale akafuna kulankhula nafe, tinkapita ku bwalo la sukulu, nkukhala pa dzuŵa mudzi wonse, nkumamva zonena zake tonse pamodzi. Akanama, sipankalephera kupezeka mkulu wina wogwedeza mutu, ndipo pobwerera tinkaipeta nkhaniyo m'njira. Masiku ano wandale amatipeza tili tokhatokha, usiku, titagona pa mphasa, foni ili m'manja. Amaloŵa kudzera pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa TikTok, osagogoda, ndipo palibe mkulu wogwedeza mutu. Tsono ndifuna kuti tione pamodzi m'mene mau otere amakonzedwera, njira imene amayendera, ndi mbali imene ife Akristu tili nayo pa ulendo wake.

Tiyambe ndi nkhani imene ili m'buku lachiŵiri la Samuele, mutu 15. Abisalomu, mwana wa mfumu Davide, ankafuna ufumu wa atate ake. Sadayambe ndi mikondo ai. Adadzipezera galeta, akavalo, ndi anthu 50 oti azithamanga patsogolo pake. M'mamaŵa ankaimirira pa njira ya ku chipata cha mzinda, pamene ankadutsa anthu obwera ndi milandu kwa mfumu. Aliyense ankamufunsa za kwao, nkumuuza kuti mlandu wake ngwomveka, koma kuti kwa mfumu kulibe woti amumvere, ndipo kuti akadakhala iye woweruza, zonse zikadalongosoka. Munthu akafuna kumugwadira, iye ankamugwira dzanja nkumumpsompsona. Mlembi wa Malembo Oyera sadaitche ntchito imeneyi kuti chifundo. Adaitcha kuti kuba, ndipo chobedwacho chinali mitima ya anthu.

Abale anga, chipata chija lero chili m'matumba mwathu.

LIU LAKUTI PROPAGANDA

Ntchito yotere anthu ophunzira amaitcha propaganda. Liu limeneli lidayambira kwathu ku Eklezia, ndipo linali labwino. M'chaka cha 1622 Papa Gregory XV adakhazikitsa ku Roma nthambi yoyang'anira ntchito yofalitsa chikhulupiriro, dzina lake m'Chilatini de Propaganda Fide. Ndiyo inkayang'anira amishoni amene adafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Tanthauzo lake linali kuchulukitsa, monga mlimi achulukitsira chinangwa pobzala timitengo take. Koma liulo lidadetsedwa ndi olamulira a dziko. Ku Germany, mu 1933, boma la Adolf Hitler lidakhazikitsa unduna wa propaganda m'manja mwa Joseph Goebbels, ndipo lidalimbikitsa kupanga mawailesi otsika mtengo kuti mau a chipani aloŵe m'nyumba iliyonse. Lero liu limeneli limatanthauza luso lopotoza maganizo a anthu ambiri nthaŵi imodzi, iwo osazindikira.

Musandimve ngati ndikunena kuti kukhudza mtima wa munthu nkulakwa. M'buku lomwelo la Samuele, mneneri Natani adaputa mkwiyo wa Davide pomusimbira za munthu wolemera amene adalanda kankhosa kamodzi ka mmphaŵi. Koma Natani adautsa mkwiyowo kuti mfumu itsekuke maso, ione tchimo lake. Nafenso tikukumbukira kalata ya Aepiskopi athu imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Idagwedeza mitima m'dziko lonse. Koma eniake adalemba maina ao pansi pake, adatchula zinthu zimene aliyense ankatha kuziwona ndi maso, za malipiro, za sukulu, za zipatala ndi za ufulu wolankhula, ndipo adasenza okha zotsatira zake, mpaka mmodzi mwa iwo, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. Kusiyana kwake nkumeneku: Natani amautsa mtima kuti nzeru idzuke, pamene Abisalomu amautsa mtima kuti nzeru igone.

MAKOMO ANAI

Pali makomo anai amene mau okopa a ndale amakonda kuloŵera.

Loyamba ndi mantha. Uthenga umafika usiku wonena kuti akutiakuti akaloŵa m'boma adzalanda minda, kapena adzachotsa ntchito anthu onse a chigawo chakuti. Dzina la wolemba palibe, tsiku palibe, malo palibe. Kumapeto kwake kuli mau akuti, "Tumizani msanga asanaufufute." Kufulumizitsa kumeneko ndiye msampha wake, pakuti munthu wamantha safunsa mafunso.

Lachiŵiri ndi mkwiyo. Kumbukirani kuti anthu amene ankadutsa pa chipata paja anali ndi milandu yeniyeni. Nafenso zoŵaŵa zathu nzenizeni: mtengo wa feteleza ndi wa chimanga, kusoŵa kwa mankhwala m'zipatala, ana ophunzira amene akungokhala pakhomo. Mtsogoleri woona amatenga zoŵaŵa zimenezi nkunena chimene adzachite, ndi kumene ndalama zake zidzachokere. Wokopa amatenga zoŵaŵa zomwezo nkukupatsani nkhope ya munthu woti muzidana naye. Mukamaliza kumvera mumakhala mutadziŵa mdani, koma njira yotulukira m'mavuto simunaimve.

Lachitatu ndi mtundu. Funso loyamba la Abisalomu linali la kwao kwa munthu. Akadziŵa kwanu, amadziŵa chingwe choti akoke. Motero timamva kuti uyu ngwathu, uyo ngwao, kuti Kumpoto kwatere, Pakati patere, Kummwera kwatere, ngati kuti njala imayamba yafunsa mfunda wa munthu.

Lachinai, limene liyenera kutichititsa manyazi, ndi chipembedzo. Pamene Abisalomu ankapita ku Hebroni kukadzilonga ufumu, adatsazika atate ake ponena kuti akukapereka zimene adalonjeza kwa Mulungu. Lero timaona zithunzi za andale atagwada m'tchalitchi, atanyamula khanda, akupepesa maliro, wojambula ali pambali. Pansi pake ena amalemba kuti ameneyu ndiye wodzozedwa, ndipo womutsutsa akutsutsa Mulungu. Za mumtima mwa munthu wogwadayo adziŵa ndi Mulungu yekha, ife tisaweruze. Koma chithunzi si umboni wa ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

CHIFUKWA CHAKE MAU OTERE AMATHAMANGA

Mwina wina afunsa kuti, bwanji mau aukali ndiwo amadzaza foni yanga, pamene mau odekha ndimaŵaona mwa apo ndi apo? Yankho lake lili m'malonda. Makampani a masamba a mchezo ngati Facebook ndi TikTok amapeza ndalama poonetsa anthu zotsatsa malonda. Munthu akakhalitsa pa tsamba, amaona zotsatsa zambiri. Nchifukwa chake makina ao amaŵerenga chilichonse chimene mumaima nkuyang'ana, chimene mumayankhapo ndi chimene mumatumiza, kenaka nkumakubweretserani zofanana nazo. Ndipo chimene chimamuimika munthu msanga ndi chinthu chomukwiyitsa kapena chomuwopsa.

Zimenezi zili ndi umboni. Mu 2021 mai wina amene adagwirapo ntchito ku Facebook, Frances Haugen, adaulula zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Zidaonetsa kuti kuyambira mu 2017 makina ake ankapatsa timazindikiro ta nkhope, kuphatikizapo kankhope kokwiya, mphamvu yoposa kasanu mphamvu ya kachala kosonyeza kukonda, ngakhale pambuyo pake kampaniyo idasintha muyesowo. Mu 2018 akatswiri atatu a sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America adafalitsa zimene adapeza atafufuza nkhani pafupifupi 126,000 zimene zidayenda pa Twitter, tsamba limene tsopano likutchedwa X, kuyambira mu 2006 mpaka mu 2017. Adapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthaŵi yotalika kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poiyerekeza ndi yabodza, ndiponso kuti mabodza a ndale ndiwo ankafalikira kopambana. Adapezanso chinthu chimene tiyenera kuchisunga: amene ankathamangitsa mabodzawo kwenikweni anali anthu, osati makina.

Makina ameneŵa amadziŵanso kufunsa funso lija la Abisalomu. Mu 2018 zidaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica idapeza mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook, kudzera m'kamaseŵera ka mafunso kamene anthu ankayankha mosaganizira kanthu. Kampaniyi idagwira ntchito pa chisankho cha ku America cha 2016, ndipo akuluakulu ake adajambulidwa mobisa akudzitama za ntchito yao pa zisankho za ku Kenya za 2013 ndi 2017. Malonda ake anali akuti, tikadziŵa chimene munthu aliyense amaopa, tidzamutumizira uthenga womuyenera iye yekha. Pa bwalo la sukulu wandale sangauze mlimi china, wamalonda china, onse ali pamodzi. Pa foni angathe.

ANTHU 50 OTHAMANGA PATSOGOLO

Abisalomu adalemba anthu 50 kuti aliyense womuwona aganize kuti akuwona mfumu. Lero othamangawo ndi maina abodza. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi maina makumi angapo pa intaneti, nkumayamikira yekha, nkumatukwana yekha, mpaka inu muganize kuti dziko lonse lagwirizana, wotsala ndinu nokha. Mu Januwale 2021, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho cha ku Uganda chichitike, Facebook idatseka maina ambiri amene idati ankayendetsedwa ndi nthambi ina ya unduna wa boma, ndipo ntchito yao inali yochititsa kuti nkhani zina ziwoneke ngati zokondedwa ndi anthu ambiri. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ochuluka, kampani ya ku London ya Bell Pottinger idalembedwa ntchito mu 2016 ndi kampani ya banja la Gupta, abwenzi a Jacob Zuma amene anali mtsogoleri wa dzikolo nthaŵi imeneyo. Bungwe loyang'anira makampani otere ku Britain lidapeza kuti ntchitoyo inali yotha kukolezera chidani pakati pa akuda ndi azungu, lidaichotsa m'gulu lake mu 2017, ndipo kampaniyo idagwa chaka chomwecho.

Tsopano kwabweranso luso lina, lakuti kompyuta iphunzire mau a munthu nkumalankhula ngati iyeyo. Ku Slovakia, mu Sepitembala 2023, kutatsala masiku aŵiri kuti anthu aponye voti, kudafalikira mau ojambulidwa omveka ngati a mtsogoleri wa chipani china, Michal Šimečka, akukambirana za kubera chisankho. Mauwo anali opangidwa. Adatulutsidwa pa masiku amene lamulo la dzikolo limaletsa kukopa anthu, nthaŵi yoŵatsutsa itachepa. Choncho ngakhale mau akuti "ndadzimvera ndekha" sakukwaniranso.

ZIPATSO ZAKE

Nkhani ya Abisalomu idayamba ndi kumpsompsona, koma idathera m'nkhalango ya Efuremu, kumene Malembo akuti kudafa anthu 20,000 tsiku limodzi. Ine amene ndikulankhula pa wailesi sindingaiŵale kuti ku Rwanda wailesi ya RTLM idakopa achinyamata ndi nyimbo ndi nthabwala, kenaka nkumatchula Atutsi kuti mphemvu. Mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa pa masiku ngati 100, ambiri m'matchalitchi momwe, ndipo nthaŵi zambiri wopha ndi wophedwa anali obatizidwa onse. Mu 2003 bwalo la milandu la ku Arusha lidapeza olakwa ena mwa akuluakulu a wailesiyo. Ku Myanmar, kuyambira mu Ogasiti 2017, Arohingya oposa 700,000 adathaŵira ku Bangladesh, ndipo mu 2018 Facebook idavomera kuti sidachite zokwanira poletsa tsamba lake kukhala chida chokolezera chidani m'dzikomo.

Tisanene kuti zimenezi nzakutali. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayenda ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu adaphedwa popanda mlandu. Zidatiwonetsa kuti pakati pathu pali udzu wouma. Amene angafune kuyatsa moto pa nyengo ya chisankho sangavutike.

ANTHU 200 OSADZIŴA KANTHU

Abale anga, pali chinthu chimodzi m'nkhani ya Abisalomu chimene kaŵirikaŵiri timachidumpha. Popita ku Hebroni adaitana anthu 200 a mu Yerusalemu. Iwo adapita ndi mtima woyera, osadziŵa za chiwembucho. Komabe kupezeka kwao kudapatsa chiwembucho nkhope yaulemu. Woona gululo ankati, ngati akutiakuti ali pomwepo, ndiye kuti nkhaniyi njoona.

Anthu 200 aja ndife. Uthenga wabodza ukachokera kwa munthu wosadziŵika, ambiri amaukayika. Koma ukafika pa gulu la Mphakati kuchokera kwa akatekisiti, kwa amai a m'bungwe, kwa mkulu wa kwaya, anthu amaulandira chifukwa cha ulemu wa woutumizayo. Wolemba bodza alibe dzina, tsono amabwereka lanu. Ngakhale eniake a WhatsApp adazindikira zimenezi, ndipo mu 2019 adaika malire akuti uthenga uzitumizidwa ku malo asanu okha nthaŵi imodzi. Koma malire enieni ali pa chala chanu.

Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa umboni wonama, limamanga chala monga limamangira lilime. Katekisimu amatiphunzitsa kuti nkuchimwa kuvomereza choipa cha mnzathu popanda umboni wokwanira, nkuchimwa kuulula zolakwa zake popanda chifukwa chenicheni, ndipo nkuchimwa kumunamizira. Wandale wa chipani chimene simuchikonda nayenso ndi mnzanu. Mau akuti "ine ndangotumiza m'mene ndalandirira" sachotsa mlandu, monga wosunga mbuzi yakuba sapulumuka ponena kuti sindiye adathyola khola. Katekisimu amanenanso kuti woipitsa mbiri ya mnzake ayenera kuikonza. Ngati mudatumiza bodza, bwererani pa gulu lomwelo mukalembe poyera kuti, "Zija ndidatumiza sizinali zoona, mundikhululukire." Ndipo pokalapa musaiŵale kutchula tchimo limeneli.

Eklezia sadana nazo zida zimenezi. Msonkhano waukulu wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha Inter Mirifica cha mu 1963, udaziyamikira ngati zipatso za nzeru zimene Mulungu adapatsa anthu, koma udatinso oŵerenga ndi omvera ali ndi udindo wosankha bwino zimene alandira. Papa Francis, mu uthenga wake wa Tsiku la Zofalitsa Nkhani wa mu 2018, adatikumbutsa kuti nkhani yabodza yoyamba idanenedwa ndi njoka m'munda wa Edeni. Njokayo sidabwere ngati mdani. Idabwera ngati bwenzi lodera nkhaŵa, itasakaniza choona pang'ono ndi bodza.

TICHITE CHIYANI TSONO?

Choyamba, mukaŵerenga uthenga nkumva mtima ukutentha, ikani foni pansi. Kutentha kumeneko ndiko wolembayo ankafuna. Igoneni nkhaniyo. Ngati njoona, idzakhala yoonabe maŵa. Kuwona maso a nkhono nkudekha.

Chachiŵiri, funsani. Walemba ndani, ndipo dzina lake lili pati? Zidachitika liti, kuti? Chithunzichi nchakuno ndithu, kapena nchakale, kapena ncha dziko lina? Kodi wailesi kapena nyuzi imene ili ndi mkonzi wodziŵika, woti angathe kuyankha mlandu, yanenapo? Ine ndikakwiya, apindule ndani? Safunsa adadya phula.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chovuta, yesani ndi muyeso umodzi. Bodza lonena za chipani chathu timaligwira msanga, koma lonena za chipani cha anzathu limatikomera. Dzifunseni kuti, akadanena zomwezi za munthu amene ndimamukonda, kodi ndikadakhulupirira ndi umboni womwewu?

Chachinai, inu akatekisiti ndi atsogoleri a Miphakati, sungani magulu a mpingo kuti akhale a mpingo. Eklezia salozera munthu chipani. Amatiphunzitsa kusankha ndi mtima womasuka, poyang'ana khalidwe la munthu, ntchito zake ndi ubwino wa anthu onse. Wina akaponya za kampeni pa gulu, mudzudzuleni mwachikondi, posayang'ana kuti ndi za mbali iti.

Chachisanu, thandizanani m'banja. Inu ana, muŵaonetse agogo m'mene chithunzi ndi mau zimapangidwira, popanda kuŵaseka. Inu makolo, funsani mwana wanu kuti bandulo imene satha nayoyo akumugulira ndani, ndipo akubweza chiyani. Ndipo iwe mnyamata amene ukulipidwa kuti uzitukwana anthu ndi dzina lobwereka, dziŵa kuti Mulungu amakudziŵa ndi dzina lako la ubatizo.

Pa msonkhano wa Mphakati wa mwezi uno muŵerenge pamodzi mutu 15 wa buku lachiŵiri la Samuele, kenaka mufunsane kuti: mwa makomo anai aja, ndi liti limene lili lotsekuka kwambiri m'mudzi mwathu muno? Kodi pali banja kapena chibwenzi chimene chidasokonekera pakati pathu chifukwa cha uthenga wa pa foni, ndipo tingachiyanjanitse bwanji?

Abale anga, nkhondo ija itatha, Davide sadavine ai. Adakwera m'chipinda cha pamwamba pa chipata, nkumalira mwana wake. Chisankho chimabwera nkupita, opambana amapita ku Lilongwe, koma mnansi amene mudamutukwana pa foni amatsala pomwepo. Ndiye mudzakumane naye pa mjigo, ndiye adzakumbe manda a mbale wanu, ndiye mudzagwirane naye chanza cha mtendere pa Misa.

Tipemphere. Ambuye Yezu, Inu amene mudaweruzidwa ndi khamu la anthu osonkhezeredwa, mutipatse mtima wodekha ndi maso openya. Sungani lilime lathu ndi zala zathu kuti zisanyamule bodza. Aunikireni onse ofuna kutitsogolera, kuti atikope ndi zoona ndi ntchito zabwino. Amai Maria, Mfumukazi ya mtendere, mutipempherere. Mulungu Mphambe akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.